Jasi la ku Halale

Champiti, Ntcheu
9 Malichi 1952

Okondedwa achimwene a Paison,

Moni wochuluka kwa inu. Ngati mwadzuka bwino kumeneko ndiye kuti ife kuno mtima uli m'malo. Amayi ali bwino, koma abambo chifuwa cha chaka chatha chija chawabwereranso, ndipo maso awo ayamba kuona mwachimbuuzi. Dzulo anapatsa moni chitsa cha pakhomo paja poyesa ndi a Janeti.

Kalata yanu ya pa Khirisimasi tinailandira. Amayi anandiwerengetsa mobwerezabwereza mpaka pepala linang'ambika mopinda. Munati mubwera pa tchuthi mu Ogasiti. Achimwene, mawu amenewo musawameze. Munachoka ine ndisanavale nsalu ya pachifuwa, lero ndine mphunzitsi wothandizira pasukulu pano, ndiye werengani nokha kuti mwatchona motani.

Gulu lanu la masewero lija silinafe ayi. Loweruka lililonse masana timakumana kuseri kwa sukulu, anyamata ndi atsikana omwe. Ndimawaphunzitsa monga munkachitira inu: kaimidwe, kuponya mawu kuti wakumbuyo amve, ndi kusalozetsa msana kwa oonera. Pakhomo sitilipiritsa. Munthu amabwera ndi chimene ali nacho, kaya kachewere, kaya mazira, kaya chimanga, ife n'kukagawira nkhalamba zopanda ana ndi amasiye. Silvester, mwana wa amalume uja munkamubereka popita ku masewero, lero ndi mnyamata wandevu ndipo ndiye katswiri wathu. Akatsanzira kapitawo wa pamsewu anthu amafa nalo phwete.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Abambo aja anakuthamangitsani ndi chibonga pakati pa sewero, mudzi wonse ukuona, chifukwa munatsanzira kalalikidwe kawo, abambo aja munachoka osawatsanzika, masiku ano mbuzi zawo zakonda msipu wa kuseri kwa sukulu. Loweruka lokhalokha! Amakhala pachulu chapatali atatifulatira, koma khutu lili kuno. Tsiku lina ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Nditawafunsa madzulo anati n'chifuwa.

Dzina lanu salitchula, koma ndikamawerengera amayi kalata zanu iwo amapeza chochita pafupi ndi khomo. Ine ndikuti bwerani mudzaonane maso awo asanatseke.

Chopempha changa n'chimodzi. Tilibe chotchinga, timabisala kuseri kwa mphasa yobooka ndipo ana amaoneka miyendo. Ngati ku hotela kwanuko kuli nsalu za pabedi zimene azungu atopa nazo, tikumbukireni.

Ndine mlongo wanu,
Enelesi


Salisbury
20 Epulo 1952

Wokondedwa mlongo wanga Enelesi,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi onse pakhomo. Ine ndili bwino, kungoti miyendo imatupa ndi kuimirira, pakuti weta sakhala pansi azungu asanathe kudya.

Kalata yako yandiseketsa ndekha ngati wamisala. Mbuzi zodziwa tsiku la Loweruka sindinazionepo, ngakhale kuno ku Halale kumene kuli zodabwitsa zambiri.

Ndatumiza katundu ndi mng'ono wawo wa a Dauda amene amayendetsa lole. Ukatenge ku sitolo kwa a Dauda pa Lizulu. Muli nsalu ziwiri za pabedi, imodzi ili ndi banga la tiyi koma oonera sadzaliona. Mulinso jasi. Jasilo ndi la abambo. Ndi lakuda, lolemera, la mabatani akuluakulu, ndipo silinavalidwepo ndi munthu. Ndinasiya fodya kuti ndilipeze. Chisanu cha kwathuko ndimachidziwa, mu Juni munthu wachifuwa sachedwa kugonja.

Ndinafuna kuikamo kalata yawoyawo, koma ndikagwira cholembera mutu umauma. Ndiyambe bwanji? Amene anandichititsa manyazi ndi iwo, amene anachoka ngati mbala ndine. Basi jasilo likanene lokha. Udzandiuze zimene anene akalilandira, ndipo usathire mchere monga umachitira.

Za ana akowo, ndakunyadira. Chinthu chimodzi chokha usaiwale: usawalole kupeka munthu wa m'mutu. Aliyense azisewera munthu amene akumudziwa, amene wamuonapo akudya, akukwiya, akunama. Ndi mmene ndinamuphunzitsira Silvester akadali ndi mamina. Umuuze kuti ndikabwera ndidzamuyesa.

Bwana wavomera tchuthi cha mu Ogasiti. Ukhoza kuwauza amayi, ndipo ukamawauza ukweze mawu kuti a pakhomo aja amve.

Ine mlongo wako,
Paison


Champiti
8 Juni 1952

Okondedwa achimwene,

Moni. Tikuyembekeza kuti miyendo yaphwa. Kuno chisanu chafika ndi ukali wake, m'mawa udzu ukumayera mbuu, ana akubwera kusukulu atafunda matumba.

Katundu ndinakatenga. A Dauda akupereka moni, ndipo atamva kuti nsaluzo ndi za masewero anatisokera m'mphepete ndi makina awo osafuna kanthu. Akuti tsiku lina tikasewere pakhonde pa sitolo yawo pa tsiku la msika, anthu akadzadza iwonso malonda ayenda.

Munati ndisathire mchere, ndiye nayi ndiwo yosalawa. Abambo analandira jasi ndi manja awiri, analisisita, anawerenga mabatani ndi chala, analinunkhiza. Sananene kanthu. Amayi anawafunsa ngati alibe mawu oti ndikulembereni, iwo anatuluka kukaona mbuzi. Koma Lamulungu analivala ku tchalitchi, ndipo ngakhale dzuwa linatentha sanalivule, thukuta lili kamukamu.

Chifuwa sichikusintha. Ku chipatala anawapatsa mankhwala a m'botolo, akumwa monyinyirika.

Tili ndi sewero latsopano, ana analiluka okha. Mutu wake sindikuuzani ngakhale mundinyengerere, chifukwa ndi lokulandirirani inuyo mu Ogasiti. Tikaliyesa kaye pa Lizulu kumapeto kwa mwezi uno kuti tione pamene anthu akuseka ndi pamene akuyasamula. Silvester akuti muli ndi mwayi kuti muli kutali, mukanakhala pafupi bwenzi atakulandani gululi kalekale.

Amayi ayamba kale kusunga mawere a thobwa lanu. Mutiuze tsiku loti tikakuchingamireni kumsewu.

Ndine mlongo wanu,
Enelesi


Salisbury
13 Julayi 1952

Enelesi,

Moni. Za moyo wanga usafunse, poti kwa inu ndinafa kale.

Elson, mwana wa a Janeti, wafika kuno sabata yatha kudzafuna ntchito. Lole anakwerera pa Lizulu tsiku la msika, ndiye anaona ndi maso ake. Wazifotokoza m'komboni pamaso pa anthu akwathu onse, ine ndili pomwepo mbale ili m'manja.

Akuti Silvester anatulukira kuseri kwa nsalu zanga zija atavala jasi la abambo, akuyenda chopendekera kumanzere, akukanda khutu asanayankhule. Ndani ku Ntcheu konseko amayenda choncho? Akuti anthu anakuwa dzina langa. Kenaka mtchona uja anapita ulendo wosabwerera, abale ake n'kutenga jasi limene anawatumizira, kuliyala pamphasa, kulikulunga, atsikana n'kuyamba kubuma maliro, anyamata n'kulinyamula kukaika. Akuti amayi analira misozi yeniyeni mpaka anthu anawagwira. Ndipo abambo anali pampando kutsogolo, akugwedeza mutu kuvomereza.

Iwe ndi ine tinakulira mudzi umodzi. Chovala cha munthu amachiika m'manda mwini wake akafera kutali, abale atataya mtima kuti mtembo sadzauona. Munthu wamoyo samulira maliro, ngakhale mocheza. Zimenezi ukuzidziwa, ndipo abambo, mkulu wa mpingo ndi Mngoni weniweni, akuzidziwa kuposa tonse. Ine ndinatuma jasi kuti likandipepesere. Iwo alipereka kwa ana kuti akandiike nalo pamsika, pamaso pa ogulitsa kabichi ndi Apwitikizi odutsa. Paja unati atalilandira sananene kanthu. Tsopano anena, ndipo ndamva.

Chibonga chija chinandipweteka, koma chinali cha m'mudzi. Izi zafika mpaka kuno. Anzanga andipatsa kale dzina, ndikamalowa m'khichini akumati a Malemu afika.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi iwe. Ndinakusiyira gulu lija kuti lizidyetsa nkhalamba, osati kuti lizidya ine.

Tchuthi ndabweza. Ntchito ya pano ndikuisiyanso mwezi ukatha, ndipita kumene sandidziwa. Usavutike n'kulemba. Thobwa la amayilo mukamwe pa sadaka yanga.

Paison


Champiti
3 Ogasiti 1952

Achimwene anga,

Moni, ngakhale mwakana moni wathu. Sindikudziwa ngati kalatayi ikupezeni pa hotela pomwepo.

Elson uja ndi wopusa chibadwire, koma inu simunali wopusa. Anakuuzani kuti lole inaliza hutala sewero lili pakati? Anathamanga mbatata yootcha ili kukamwa. Anaona maliro, sanaone zotsatira zake. Atangoika jasi lija mtchona amatulukira ndi sutikesi pamutu, wamoyo, akufunsa kuti wamwalira ndani. Anthu a m'sewero amabalalika poyesa mzukwa. Pa Lizulu paja mayi wina woonera anathawa nawo zenizeni mpaka anagwera m'dengu la tomato. Kenaka atate ake a mtchonayo amatsala okha osathawa, amamugwira mkono, amamulowetsa m'nyumba. Sewero limathera pamenepo. Amayi analira chifukwa cha pomalizapo, kulira kwa poyamba kuja kunali kuyamba chabe.

Za jasi, imvani mmene zinayendera. Poyeserera tinkagwiritsa thumba lobooledwa pakhosi. Loweruka lina abambo anatsika pachulu paja, kwa nthawi yoyamba, nafika pakati pathu. Ana ena anayamba kuyang'ana kothawira. Iwo anavula jasi kunja kukuzizira, nalipereka kwa Silvester, nati munthu wochokera ku Halale savala thumba. Achimwene, chinthu chimene amachikonda kuposa zonse anachipereka ku masewero anu aja ankati ndi a Satana. Ine ndinakalira kuseri kwa nsalu. Sindinakulembereni chifukwa ndinkafuna mudzazione nokha. Ndikanadziwa!

Si zokhazo. Mwana amene amasewera atate ankanena pomaliza kuti pepa mwana wanga. Abambo anamudula, nati: "Mngoni wa kuti ameneyo? Bambo sapepesa mwana ndi pakamwa. Amangomuphera mbuzi." Tinasintha. M'mawa mwake iwo anapatula mfule yonenepa ija m'khola, akuidyetsa madeya payokha mpaka lero.

Zoti wamoyo samulira, amayi anandichenjeza. Ine ndinati ndi sewero chabe, ndipo munthuyo dzina lake ndi Jemusi. Ndinaiwala kuti Silvester munamuphunzitsa ndinu kusewera munthu amene akumudziwa, ndipo mtchona amene iye akumudziwa bwino ndi mmodzi yekha. Pamenepo ndinalakwa ine. Kwiyirani ine, abambo ayi.

Kalata yanu sindinawawerengere yonse. Ndangowauza kuti mwamva za sewero ndipo mtima wakupwetekani. Iwo anati nditenge cholembera. Awa ndi mawu awo, sindinawonjezere:

Paison. Mbuzi yako ilipo. Bwera udzadye. Ndine bambo wako.

Akuonda, achimwene. Chonde bwerani.

Enelesi


Gwelo
16 Novembala 1952

Wokondedwa mlongo wanga Enelesi,

Moni kwa iwe, kwa amayi, ndi kwa abambo. Ndikhulupirira mvula yayamba bwino ndipo mwadzala.

Kalata yako ya mu Ogasiti yandipeza Lachinayi lapitali. Inafika pa hotela ine nditachoka. Mnzanga Aleck anaisunga m'thumba la yunifomu yake osadziwa kumene ndili, mpaka anakumana ndi munthu wa pa njanji amene anandiona kuno. Yafika yakuda ndi mafuta, koma mawu onse akuwerengeka, makamaka a m'munsi aja.

Ndilibe ponena. Ine amene ndinkakalipira anthu ochoka sewero lisanathe, ndaweruza bambo wanga ndi theka la sewero, lomwenso sindinalione ndekha. Elson ndinamukhulupirira msanga chifukwa zimene ananena ndi zimene ndinkaziopa kale. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira chibonga chachiwiri, ndiye munthu atangoti nachi ndinatseka maso osayang'ana.

Manyazi andigwira moti chakudya sichikulowa. Mawu oipa ndinakulembera aja uwaotche, ndipo amayi asadzamve za sadaka ija.

Kuno ndikugwira ntchito pa nyumba ya mzungu wa pa njanji. Ndamuuza kuti pa Khirisimasi ndikupita kwathu, alole asalole. Uwauze abambo kuti mwana wawo wamva, akubwera kudzadya mbuzi yake. Uwauze momwemo, adzamvetsa. Ana akonzekerenso, seweroli ndikufuna kuliona kuyambira poyamba mpaka pothera, nditakhala pansi pafupi ndi mpando wa abambo. Ngati maso awo sakuona ndizidzawauza ine zimene zikuchitika.

Undiyankhe msanga pa keyala ili pamwambayi. Chifuwa chili bwanji? Pali mankhwala amene ndingabwere nawo?

Ine mlongo wako wopusa,
Paison


Champiti
30 Novembala 1952

Okondedwa achimwene a Paison,

Moni. Mvula yagwa, tadzala. Amayi alipo. Kalata yanu yafika dzulo, ndipo ndisakuzungulitseni: abambo anatisiya mu Okutobala, mvula yoyamba isanagwe. Tinatumiza lamya ku hotela, anayankha kuti munachoka. Tinatuma mawu kwa aliyense wopita ku Halale. Dziko ndi lalikulu, achimwene, munthu akafuna kubisala.

Mwezi wa Ogasiti wonse abambo ankakhala panja kuyang'ana kunjira, ngakhale maso anali atatsala pang'ono kutheratu. Akamva mapazi ankafunsa kuti ndani. Sanadandaule, ankangoti malole a masiku ano amachedwa. Mu Seputembala maso anatseka, ndipo anagona pamphasa osadzukanso, atafunda jasi lija ngakhale kunja kunali kotentha. Dzina lanu lija ankalipewa zaka zonsezi anayamba kulitchula tsiku ndi tsiku.

Tsopano ndikuuzeni chimene tinachita, muweruze nokha. Ataona kuti mpweya ukuchepa, amayi anapita kwa amalume kukapempha Silvester kuti adzalowe m'nyumba ngati inuyo. Silvester anakana, anati zimenezo si masewero. Amayi anamugwadira, azakhali ake enieni kugwadira mwana wa mlongo wawo pabwalo. Anati sangalole mwamuna wawo apite mawu ali pakhosi. Ine sindinavomereze, komanso sindinaletse.

Silvester anabwera masana, atavala nsapato zobwereka kwa a Dauda, sutikesi ili m'manja. Anaodira pakhomo ndi mawu anu enieni, mpaka ine amene ndinkadziwa thupi linachita tsemwe. Analowa ndi kayendedwe kanu kaja, phazi limodzi lolemera, nagwada pafupi ndi mphasa, nati ababa ndabwera.

Abambo anatulutsa dzanja m'jasi. Anamugwira kumaso, m'makutu, m'mapewa. Kenaka anamukokera pafupi nayamba kuyankhula. Mawu anali otsika kwambiri, ife tinali kukhomo, tinangotolapo pang'ono. Ndinamva akutchula chibonga. Ndinamvanso, ndi makutu angawa, akuti pepa mwana wanga. Abambo athu aja, achimwene, ndi pakamwa pawo. Anayankhula nthawi yaitali, akupumira, Silvester ali chogwada misozi ikugwera pamphasa.

Atatha anamugwirabe dzanja. Amayi anandiyang'ana ngati akuti zatheka. Pamenepo abambo anakweza mawu pang'ono, nati: "Silvester."

Tonse tinauma.

"Wasewera bwino, mwana wa mlamu wanga. Koma mawuwo si ako. Ukamupatse mwini wake."

Anamwalira m'mawa mwake dzuwa litakwera. Tinawaika mwaulemu, a mpingo anaimba, madoda anabwera ndi zishango zawo. Ana a gulu lathu ndi amene anatunga madzi ndi kutola nkhuni masiku onse a maliro.

Mankhwala musabwere nawo. Sewero lija musalifunsenso, ana analisiya okha ndipo ine sindingawakakamize. Sindikukulemberani izi kuti ndikulasireni pabala. Ndikanakuuzani za jasi mu Juni muja bwenzi mutabwera, inunso mukanandifunsa musanakwiye bwenzi mutabwera. Ndimaziganiza ndikamalima, ndikamaphunzitsa, ndipo sizisintha kanthu.

Koma pa Khirisimasi bwerani ndithu. Amayi akufuna kukuonani. Ndipo Silvester sanauze munthu aliyense zonse zimene anamva, ngakhale amayi atamufunsa anakana. Loweruka amabwera, amathandiza ana ang'onoang'ono kaimidwe, koma iye kulowa m'bwalo ayi. Akuti sangavale munthu wina asanatule katundu wa abambo. Ndi mnyamata wamng'ono, achimwene, ndipo zikumulemera. Bwerani mudzamulandire.

Ndine mlongo wanu,
Enelesi